Ufa wa Polima M'matope a Simenti: Mafunso ndi Mayankho pa Nkhani Yotchinga Madzi

Mvula ikakhazikika mu Disembala, madandaulo a eni nyumba amayamba kufanana. Uyu khoma la chipinda choyandikana ndi bafa lada ndipo penti ikusendeka, uyo thanki yomanga ndi njerwa ikukha, winanso silabu ya pamwamba ikudonthetsera madzi pabalaza. Akapita ku mashopu a zomangira amakapeza matumba ndi zigubu zolembedwa kuti zimatchinga madzi. Zambiri mwa zimenezi mphamvu yake yagona mu ufa woyera wa polima umene amausakaniza ndi simenti ndi mchenga ku fakitale. Ufawu umagwiradi ntchito, koma uli ndi malamulo ake, ndipo ena mwa malamulowo amasemphana ndi zimene mmisiri anazolowera pa simenti wamba.

Simenti ikagwira imalimba zedi. Nanga madzi amadutsa pati?

Amadutsa m'njira zimene madzi anzawo anasiya. Simenti siilimba chifukwa chakuti yauma. Imalimba chifukwa madzi amalowana nayo n'kupanga chinthu chatsopano chogwirana, ndipo ntchito imeneyi siifuna madzi ambiri: thumba la makilogalamu 50 limakwanira ndi malita pafupifupi 20. Koma matope a madzi ochepa chonchi ndi ovuta kuponda ndi kupaka, choncho pamalo omanga anthu amawonjezera madzi mpaka fosholo iziyenda mosavuta. Madzi owonjezerawo simenti ilibe nawo ntchito. Amakhala m'kati kwa kanthawi, kenaka amauluka, ndipo paliponse pamene anali pamatsala kabowo. Timabowoti maso sangatione, koma n'tolumikizana, ndipo timayamwa madzi tokha popanda chowakankha.

Katswiri wa ku America, T. C. Powers, ndi anzake a ku Portland Cement Association anayeza zimenezi m'zaka za m'ma 1950. Anapeza kuti madzi akakhala theka la kulemera kwa simenti, ndiye kuti malita 25 pa thumba, njirazo zimaduka pakatha pafupifupi masabata awiri simentiyo ikusungidwa yonyowa. Akafika malita 30 pamafunika miyezi 6. Akapitirira malita 35, njirazo sizitsekeka n'komwe ngakhale mutathirira zaka. Madzi amene amabwera ndi mchenga wonyowa wa kumtsinje nawonso amawerengedwa momwemo.

Njira yachiwiri ndi ming'alu. Matope akamauma amadzikoka n'kuchepa pang'ono, ndipo khoma limafufuma masana n'kubwerera usiku. Simenti imapirira kupsinjidwa koma kukokedwa siikupirira, ndiye imang'aluka. Njira yachitatu ndi malumikizano: pamene khoma lakumana ndi pansi, pamene paipi yabowola khoma, ndi pamene konkire yatsopano yagunda yakale.

Ufa wa polimawo n'chiyani kwenikweni?

Polima ndi dzina la banja la zinthu monga mphira, pulasitiki ndi guluu. Amene amagwiritsidwa ntchito mu simenti amapangidwira m'madzi, ndipo amatuluka ali madzimadzi oyera okhala ndi timadontho ta polima toyandama, kalikonse kochepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Madzi oyerawo amawapopera munsanja yaitali ya mphepo yotentha, madzi n'kuuluka, pansi n'kugwa ufa. Ndi mmene amapangira mkaka wa ufa, ndipo cholinga chake n'chimodzimodzi: ukathira madzi, ubwerere mmene unalili.

Chovuta n'chakuti timadontho ta polima tikauma timamatirirana, osadzalekananso. Pofuna kupewa izi, opanga amatikuta ndi mankhwala osungunuka m'madzi otchedwa polyvinyl alcohol, ndipo amawazamo ufa wa dothi loyera la kaolin kapena wa miyala ya laimu kuti ufawo usagwirane m'thumba. Mmisiri akathira madzi, chikuto chija chimasungunuka, timadontho n'kumasuka n'kumwazikana m'matope monse. Pamatumba ndi pamapepala a ogulitsa ufawu umalembedwa kuti redispersible polymer powder, kapena mwachidule RDP.

Nzeru imeneyi inayambira kuti?

Kusakaniza mphira ndi simenti kunayamba ku Britain, kumene L. Cresson mu 1923 ndi V. Lefebure mu 1924 analembetsa umwini wa njira zogwiritsira ntchito utomoni wa mtengo wa mphira pomanga. Panthawiyo polima ankabwera ngati madzi, ndipo mmisiri ankayeza yekha pamalo omanga. Zinthu zinasintha mu 1957 pamene kampani ya Wacker Chemie, m'tauni ya Burghausen ku Germany, inayamba kupanga ufawu wochuluka wogulitsa pansi pa dzina la Vinnapas. Inali nthawi imene Germany inkamanganso mizinda yophwanyika pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ntchito inali yambiri, amisiri ochepa, ndiye thumba lokhala ndi zonse, longofuna madzi, linalandiridwa msanga. Guluu wa matailosi wopaka mopyapyala amene tikumuona lero anatheka chifukwa cha ufa umenewu pamodzi ndi mankhwala ena osunga madzi.

Masiku ano opanga odziwika ndi monga Wacker yomweyo, Dow ya ku America, Celanese imene inagula Elotex ya ku Switzerland mu 2020, ndi mafakitale ambiri a ku China. Zopangira zake zimachokera ku mafuta ndi gasi wa pansi. Kuno ku Malawi simenti ilipo ya Shayona ku Kasungu, ya Cement Products ku Mangochi ndi ya Portland ku Blantyre, ndipo ufawu umagwirizana ndi simenti imeneyi bwinobwino, koma ufa weniweniwo umaitanitsidwa kunja. N'chifukwa chake mtengo wa zinthu zokhala ndi polima umayendera limodzi ndi ndalama zakunja.

Ukalowa m'matope umagwira ntchito bwanji?

Katswiri wa ku Japan, Yoshihiko Ohama wa ku Nihon University, anafotokoza kuti zimachitika m'magawo atatu. Poyamba timadontho ta polima timamwazikana pakati pa simenti ndi mchenga, simenti n'kuyamba kumwa madzi. Kenaka madzi akamachepa, timadonthoto timathinana m'mipata imene madzi akuchoka ndi pamwamba pa mchenga. Pomaliza, madzi akatheratu, timadontho timasungunukirana n'kukhala kachikopa kamodzi kopyapyala kolukana ndi simenti yolimbayo.

Chidutswa cha matope otere akachiyang'ana pa makina okuzira zinthu, mng'alu waung'ono umaoneka utawolokedwa ndi timaulusi ta polima totambasuka kuchoka tsidya lino kufika tsidya linalo. Timaulusito ndi timene timagwira mng'alu kuti usakule. Kachikopako kamatsekanso ena mwa timabowo tija ndi kukuta makoma a tina, motero madzi oyamwidwa amachepa. Kamamatiranso pamalo osalala pamene simenti yokha imalephera, monga pa konkire yakale kapena kuseri kwa matailosi a porcelain amene sayamwa madzi.

Pali zinthu ziwiri zoti muzigwire apa. Choyamba, kachikopako kamapangika pokhapokha matope auma. Simenti imafuna madzi, polima amafuna kuuma, ndipo luso lonse la ntchitoyi lili pa kukhutiritsa onse awiri. Chachiwiri, polima sawonjezera mphamvu yosenza katundu. Amawonjezera kumamatira ndi kupindika, koma akachuluka mphamvu yopirira kupsinjidwa imatsika. Amakokeranso mpweya m'matope, n'chifukwa chake opanga amathiramo mankhwala ophwetsa thovu.

Kodi ufa wa polima uliwonse ndi wofanana?

Ayi. Wofala kwambiri ndi VAE, wopangidwa kuchokera ku vinyl acetate ndi ethylene. Vinyl acetate imabweretsa kumamatira, pamene ethylene imafewetsa kachikopa ndi kukateteza ku ukali wa simenti. Ethylene ikachuluka, kachikopako kamatambasuka kwambiri. Pali wina wosakaniza ndi VeoVa, amene amapirira ukali ndiponso amakana madzi. Wa acrylic ndi wokwera mtengo koma amapirira dzuwa, choncho amakondedwa pamalo apamtetete. SBR ndi mphira wopangidwa m'fakitale. Amakana madzi bwino, ndipo kawirikawiri amagulitsidwa wamadzi m'zigubu, koma dzuwa la nthawi yaitali limamukalambitsa.

Papepala la malonda mudzaona nambala yotchedwa Tg. Imanena kutentha kumene polimayo amasiya kuuma gwa n'kuyamba kufewa. Wokhala ndi Tg ya madigiri pafupifupi 15 mpaka 20 ndi wolimbirapo, woyenera guluu wa matailosi ndi matope okonzera konkire. Wokhala ndi Tg yotsika kupyola 0 ndi wofewa, woyenera zopaka zimene ziyenera kutambasuka pamwamba pa ming'alu. Palinso mitundu imene anaiwonjezera mankhwala othamangitsa madzi, moti dontho likagwera pa pulasitala yake limangokhala lobulungira n'kugubuduka. VAE wamba payekha amachepetsa madzi olowa, koma sathamangitsa madzi mwa njira imeneyi.

Guluu woyera wa akalipentala si polima yemweyo? Bwanji osangothira ameneyo?

Ndi apachibale, koma pamalo a madzi guluuyu ndi wosathandiza. Guluu wa matabwa ndi polyvinyl acetate wopanda ethylene, amene ambiri amangomutcha PVA. Simenti yonyowa ndi yaukali kwambiri, pa muyeso wa pH imafika 12 mpaka 13, ndipo ndi ukali womwewu umene umasupula manja a munthu woponda matope opanda magolovesi. Pakakhala chinyezi, ukaliwo umaswa PVA pang'onopang'ono n'kumusandutsa chinthu chosungunuka m'madzi. M'chipinda chouma pulasitala yothira guluuyu imatha kukhala zaka. M'bafa kapena m'thanki imafewa, ndipo matailosi amayamba kulira phwaphwa ukawagogoda. Zomatira za PVA zogulitsidwa m'mashopu a zomangira nazonso zambiri n'za m'kati mouma basi. Pamalo onyowa funsani SBR, acrylic kapena matope osakaniza kale.

Chimodzimodzi sopo wa ufa kapena wotsukira mbale amene ena amathira kuti matope aterere. Amatereradi, chifukwa sopo amadzaza matope ndi thovu lopanda muyeso. Thovulo likauma limasanduka mabowo, pulasitala n'kufooka.

Nanga mankhwala ena otchinga madzi amasiyana bwanji ndi polima?

Ali m'magulu angapo, ndipo lililonse lili ndi ntchito yake. Gulu loyamba ndi la othamangitsa madzi, monga calcium stearate ndi silane. Amenewa amakuta makoma a timabowo kuti tisayamwe madzi, ndipo amathandiza pa khoma lowombedwa ndi mvula, koma madzi okankha mwamphamvu ngati a m'thanki yakuya amawagonjetsa. Gulu lachiwiri ndi la otseka timabowo. Chitsanzo chakale ndi Sika-1, imene Kaspar Winkler anapanga ku Zürich mu 1910, ndipo kuyambira 1918 inagwiritsidwa ntchito kutseka madzi m'ngalande za sitima za pansi pa mapiri a Gotthard pamene njanjiyo ankaikonzera sitima zamagetsi. Gulu lachitatu ndi la omeretsa timiyala m'kati mwa konkire madzi akalowa, monga Xypex ndi Penetron. Gulu lachinayi ndi la ofewetsa matope popanda kuwonjezera madzi, amene amalimbana ndi gwero lenileni la timabowo.

Onsewa amasiya matope ali ouma gwa, moti mng'alu ukabwera n'kumasuntha, madzi amapeza khomo. Polima ndiye yekha amene amapatsa matope kupindika ndi kumamatira. Matumba abwino ambiri amaphatikiza awiri kapena atatu mwa amenewa.

Amathira wochuluka bwanji?

Zimatengera ntchito. Mu guluu wa matailosi ufawu umakhala pakati pa 1 ndi 5 pa 100 alionse a kulemera kwa thumba lonse. Thumba la makilogalamu 25 lokhala ndi 3 pa 100 ndiye kuti lili ndi magalamu 750 okha. Zopaka zotchinga madzi zouma gwa zimakhala ndi muyeso wofanana ndi umenewu, pamene zotambasuka zimatha kufika 20 kapena 30 pa 100, ndipo ndi pamene mtengo umakwerera. Akatswiri amawerengeranso poyerekeza ndi simenti yokha, ndipo matope ambiri okonzera amakhala ndi polima wolemera 5 mpaka 20 pa 100 a simentiyo. Akachepa kwambiri, timadontho timatalikirana ndipo kachikopa kolumikizana sikapangika. Ndalama imapita, phindu osaoneka.

Ndingagule ufawo pawokha n'kusakaniza ndekha?

N'zotheka, koma sikawirikawiri kuti zituluke bwino. Ku fakitale amagwiritsa ntchito mchenga wotsuka, wouma, wosefa mwa miyeso, ndipo amathiramo tina ndi tina tochepa kwambiri. Chitsanzo ndi cellulose ether, wosunga madzi kuti matope opyapyala asaume simenti isanagwire, amene amakhala pakati pa magalamu 50 ndi 125 m'thumba la makilogalamu 25. Miyeso yotere imafuna sikelo, ndipo kuimwaza mofanana kumafuna makina. Pamalo omanga timayeza ndi wilibala ndi ndowa, mchenga wake wonyowa ndipo nthawi zina wadothi. Ufa wa polima ukakhudza mchenga wonyowa umaundana usanamwazike.

Amene akufuna kuwonjezera polima pa pulasitala yoponda yekha zimamuphwekera kugula wamadzi, monga SBR, n'kumusungunula m'madzi opondera mwa muyeso wolembedwa pachigubu. Ayambe wayesa mchenga: athire m'botolo mchenga ndi madzi, akhutchumule, ausiye ukhazikike. Dothi limakhala pamwamba pa mchenga n'kuoneka mzere wake. Mzerewo ukakhala wochindikala, mchengawo utsukidwe kapena usinthidwe, chifukwa dothi limamwa madzi ambiri ndi kubweretsa ming'alu imene polima sangaithe.

Chopaka chabwino n'chiti, cha thumba limodzi kapena cha thumba ndi chigubu?

Zonse zikhoza kugwira. Cha thumba limodzi chili ndi polima wa ufa m'kati, inu mumangothira madzi. N'chosavuta kunyamula, ndipo palibe amene angabe kapena kuchepetsa polimayo. Cholakwika chimene chingachitike n'kuchulutsa madzi. Cha zigawo ziwiri chimabwera ndi ufa wa simenti ndi chigubu cha polima wamadzi, ndipo kawirikawiri chimatambasuka kwambiri chifukwa polima wake ndi wochuluka. Ngozi yake ndi yakuti wina amatha kusungunula chigubucho ndi madzi kuti chikwane malo aakulu, mwini nyumba osadziwa mpaka mvula itabwera.

Tiyerekeze kuti ndi bafa latsopano. Ntchito iyende bwanji?

Yambani ndi pansi pake. Konkire yatsopano imafuna masiku pafupifupi 28 kuti kudzikoka kwake kuchepe, ndipo pansi pakhale potsetsereka kulowera ku chibowo chotulutsira madzi. Palani zotsalira za simenti, chotsani penti, mafuta ndi fumbi, tsekani mabowo. Pamene khoma lakumana ndi pansi ikani matope n'kuwasalaza mokhota kuti ngodya isakhale yakuthwa, chifukwa ndi pamene zopaka zimang'ambikira. Nyowetsani malowo mpaka akhute, koma pasakhale madzi oima. Khoma louma limalanda madzi a chopakacho simenti isanagwire.

Posakaniza, yambani kuthira madzi oyezedwa m'ndowa, ufa pambuyo. Takasani ndi makina oyenda pang'onopang'ono mpaka mibulu ithe, siyani mphindi 3 mpaka 5 kuti ufa wa polima umasuke, takasaninso. Sakanizani zokwanira theka la ola kapena ola limodzi. Zikayamba kulimba m'ndowa musazidzutse ndi madzi, zitayeni.

Pakani koyamba ndi burashi yolimba, mukukanikiza kuti zilowe m'timaenje tonse, mizere ikuyenda chopingasa. M'ngodya ndi mozungulira mapaipi mizani kansalu ka ukonde kapena tepi yake zikadali zonyowa. Pakatha maola angapo, mukakhudza ndi chala osamatirira, pakani kachiwiri mizere ikuyenda choimirira, kuti pamene burashi inaphonya koyamba patsekeke. Zonse pamodzi zifike mamilimita pafupifupi 2, zimene zimadya makilogalamu 3 mpaka 4 pa sikweya mita. Kumene kumagwera madzi osamba kwezani mpaka mamita 1.8, kwina konse masentimita 15 mpaka 30 kuchokera pansi. Kupaka kamodzi kochindikala sikulowa m'malo mwa kawiri, kumangong'aluka.

Zikauma monga mwa masiku olembedwa pathumba, tsekani chibowo, dzazani madzi masentimita angapo, lembani mzere pakhoma, siyani maola 24 mpaka 48. Onani ngati madzi atsika ndiponso ngati kuseri kwa khoma kwanyowa. Matailosi abwere pambuyo pa mayeso amenewa.

Tinazolowera kuthirira simenti sabata yathunthu. Apanso titero?

Apa ndi pamene amisiri odziwa ntchito amapunthwa. Pulasitala wamba imafunadi kuthirira masiku 7 kapena kuposa. Matope a polima amafuna chinyezi tsiku limodzi mpaka atatu oyamba kuti simenti igwire, kenaka asiyidwe aume kuti kachikopa kapangike. Kuwakhuthulira madzi tsiku ndi tsiku, kapena kudzaza thanki mawa lake, kumatsuka polima asanagwirane, ndipo nthawi zina mumaona madzi oyera akuyenderera. Zopaka zotambasuka zambiri sizifuna kuthirira n'komwe, zimangofuna mthunzi ndi kutetezedwa ku mvula ndi mphepo.

Kutentha nakonso n'kofunika. Opanga ambiri amalola kupaka pakati pa madigiri 5 ndi 30 kapena 35. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala kumapitirira madigiri 40, ndipo silabu yokhala padzuwa imatentha kuposa pamenepo. Chopaka cha mamilimita awiri pamalo otere chimauma m'mphindi zochepa, pamwamba n'kuchita khungu m'kati simenti isanamwe madzi. Gwirani ntchito m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, madzi ndi matumba zikhale pamthunzi, ndipo mukapaka phimbani ndi masaka onyowa okwezedwa pang'ono.

Khoma langa limanyowa m'munsi ndipo limatuluka mchere woyera. Pulasitala ya polima ingathetse?

Ingabise kwa kanthawi. Chinyezi chotere chimakwera kuchokera m'nthaka kudzera m'njerwa, ndipo mankhwala ake enieni ndi pulasitiki ya DPC yoyalidwa pamwamba pa maziko, masentimita osachepera 15 kuchokera pa nthaka. Ngati inaiwalika, inang'ambika, kapena dothi la panja launjikana mpaka kuipitirira, madzi amakwerabe. Mukamata m'munsi ndi pulasitala yosalowa madzi, chinyezi chimangokwera n'kukatulukira pamwamba pa pomwe mwalekezera. Mchere wotsalira kuseri umathanso kukankha pulasitalayo mpaka kuisenda.

Yambani ndi kuchotsa madzi pafupi ndi nyumba: tsitsani dothi, konzani ngalande, ikani magatala, mangani kakhonde kotsetsereka kozungulira khoma. Dziwaninso kuti chotchinga madzi chimagwira bwino chikakhala mbali imene madzi akuchokera, chifukwa madziwo amachikanikizira kukhoma. Chikakhala mbali inayo amachikankha kuti chichoke. Pamalo pamene simungafike kunja, monga chipinda cha pansi pa nthaka, sankhani chouma gwa cholembedwa kuti chimapirira madzi ochokera kuseri. Chotambasuka chimatupa matuza.

Nanga thanki ya madzi akumwa ndi silabu ya padenga?

Pa thanki, funani thumba lolembedwa kuti ndi lovomerezeka pa madzi akumwa, monga lokhala ndi chilolezo cha WRAS cha ku Britain kapena NSF/ANSI 61 cha ku America. Chopakacho chisiyeni chiume masiku onse olembedwa, tsukani thankiyo, ndipo madzi oyamba muwataye. Kumbukirani kuti mita iliyonse ya kuya kwa madzi imakanikiza pansi ndi kulemera kwa tani imodzi pa sikweya mita. Khoma la njerwa lopanda zitsulo likayamba kutanuka ndi katundu wotere, palibe chopaka chimene chingalipulumutse.

Padenga vuto lalikulu ndi kusuntha chifukwa cha dzuwa, ndi madzi oima. Silabu ikhale yotsetsereka, mipopi yotulutsa madzi ikhale yokwanira, chopakacho chikhale chotambasuka ndipo chiphimbidwe ndi matailosi kapena matope ena ngati sichinalembedwe kuti chimapirira dzuwa. Mng'alu umene ukukulirakulira, kapena woti ndalama yachitsulo ingalowemo, ndi nkhani ya injiniya, chifukwa ukunena za maziko kapena zitsulo.

Pogula ndiyang'ane chiyani pathumba?

Mawu akuti waterproof paokha sanena kanthu. Yang'anani muyeso umene katunduyo anayesedwa nawo. Pa zopaka pansi pa matailosi, muyeso wa ku Ulaya ndi EN 14891, ndipo zilembo CM zimatanthauza kuti ndi za simenti. Kuti zipambane ziyenera kutchinga madzi okankha ngati a kuya kwa mamita 15 kwa masiku 7, ndi kuwoloka mng'alu wa mamilimita 0.75 osang'ambika. Pa guluu wa matailosi muyeso ndi EN 12004: C1 ndi wamba, C2 amamatira mowirikiza kawiri, ndipo S1 ndi S2 zimasonyeza kupindika. Guluu wa matailosi, ngakhale wa C2, sawonongeka ndi madzi koma sawatchinga. Matailosi nawonso si chotchinga, popeza madzi amalowera m'mizere yake.

Onani chizindikiro cha bungwe loona za miyeso, monga MBS ku Malawi kapena SABS pa katundu wa ku South Africa, ndipo pemphani pepala la malangizo. Onaninso tsiku lopangidwa. Matumba osakaniza kale amakhala miyezi 6 mpaka 12, ndipo ufa wa polima wokha ndi bwino kuugwiritsa ntchito isanathe miyezi 6. Ufawu umadana ndi kutentha, chinyezi ndi kupsinjidwa. Matumba osanjikizidwa mpaka kudenga m'kontena yachitsulo yokhala padzuwa amagwirana, ndipo polima wogwirana samasukanso m'madzi. Finyani thumba musanalipire. Mibulu yosaphwanyika ndi zala ndi chizindikiro chakuti lapita.

Poti n'zodula, kodi n'zoyenera kwa munthu womanga pang'onopang'ono?

N'zoyenera pamalo ochepa amene madzi amakhalitsa: bafa, chimbudzi cha m'nyumba, pansi pa sinki, khonde la pamwamba, thanki ndi silabu ya padenga. Tengani bafa la mamita 2 m'litali ndi 1.5 m'lifupi. Pansi ndi masikweya mita 3, makoma awiri a posambira pafupifupi 3.6, ndipo m'munsi mwa makoma otsala 1.5. Zonse ndi masikweya mita pafupifupi 8, zofuna makilogalamu 24 mpaka 32, ndiye kuti thumba limodzi kapena awiri. Yerekezani ndi mtengo wogumula matailosi, kugula ena, kulipiranso mmisiri ndi kupentanso chipinda choyandikana nalo.

Makoma ena onse a nyumba safuna polima. Amafuna DPC, denga lotulukira kunja mokwanira, mchenga woyera, simenti yosaumira, madzi oyeza ndi kuthirira sabata yathunthu. Ngati ndalama zaperewera, yambani mwalipira zimenezi, kenaka gulani matumba a polima a bafa ndi thanki. Pogwirizana ndi mmisiri, nenani poyera kuti adzapaka kawiri, thumba lililonse lidzatsegulidwa inu mukuona, ndipo malipiro omaliza adzaperekedwa madzi oyesera akagona maola 48 osatsika.